Mutu 7: Mafuta pa Shoku Yakumbuyo

1. Galimoto yofiira

Galimoto ya achimwene ake a Nati inkayamba kumveka isanaoneke. Lachinayi m'mawa idamvekera kumapeto kwa msewu ikubangula, kenaka idakhota n'kulowa m'galaja ya malume, fumbi lili koboo pambuyo.

Nati adatuluka pansi pa minibasi yomwe ankaikonza mabuleki. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Dzina limeneli adamupatsa ndi malume akewo, ati chifukwa anali wamfupi, wolimba, ndipo akagwira chinthu sankachisiya, ngati nati yoluma bawuti. Chimalizireni sekondale ankaphunzira umakaniko pagalajapo, ndipo chaka chinali chitakwana.

Achimwene ake adatsika atavala magalasi akuda. Galimotoyo inali ya zitseko ziwiri, yofiira kuti psuu. Adaigula ili chiphakasa, yopanda mipando, ndipo adatha zaka ziwiri akuidzutsa pang'onopang'ono. Kunyumba ankaseka kuti mwamunayu ali ndi akazi awiri, ndipo wamkulu ndi wa matayala anayiyu.

"Mwadzuka bwanji, malume? Nati, uli bwanji, mlongo?" adatero, akusisita denga la galimotoyo. "Ndabwera ndi ntchito yachangu. Loweruka kuli chionetsero cha magalimoto kutauni ya kuseri kwa mapiri, ndipo ndalembetsa kale. Koma taonani mmene yaimira iyi, ngati ikuwoloka mtsinje itapinda thalauza. Ndikufuna itsike. Igone pansi."

"Itsike bwanji?" adafunsa malume. Anali bambo wadazi, wolankhula mosathamanga, ndipo anali asanadzuke pa tayala lomwe adakhalira.

"N'zosavuta. Anzanga onse adangodula masipuling'i ndi makina odulira zitsulo. Theka la ola, ntchito yatha."

Malume adaika kapu ya tiyi pansi.

"Khalani apa nonse awiri," adatero.

2. Mawu a malume

Nati adakhala pa chigubu, achimwene ake adatsamira khoma. Malume adatola sipuling'i yakale pamulu wa zitsulo n'kuiimika patsogolo pawo.

"Mphwanga, galimoto imakhala pa zinthu ziwiri, ndipo ziwirizi zimagwira ntchito limodzi. Choyamba ndi ichi. Sipuling'i imanyamula kulemera konse. Tayala likagunda mwala, iyo imafinyika, kenaka imabwerera. Koma sipuling'i ilibe nzeru. Ukaisiya yokha imangodumpha, kudumpha, osadziwa polekera. N'chifukwa chake pambali pake pamakhala shoku, chitsulo chachitali chija chokhala ndi mafuta m'kati. Ntchito ya shoku n'kuigwira sipuling'i paphewa n'kuiuza kuti basi, kamodzi kakwana. Shoku ikatha mafuta, tayala limayamba kunjanja pamsewu. Tsono tayala likakhala m'malere silimva buleki, silimvanso chiwongolero. Pamenepo iwe sukuyendetsa ayi, wangokwera."

"Koma kudula kokha, malume..."

"Dikira, sindinathe. Ndili msinkhu wakowu, tsitsi ndikadali nalo lonse, kudabwera mphunzitsi wina wachinyamata. Naye ankafuna galimoto yogona pansi. Abwana anga adakana. Ine ndidamutsatira kunja n'kumuuza kuti abwere Lamulungu, abwana kulibe. Ndidadula masipuling'i onse anayi. Idatsikadi, idakongola, anthu ankaima kuiyang'ana. Sabata yachitatu adagunda dzenje pafupi ndi mlatho. Sipuling'i yodula sikhala bwino pampando pake. Idasuntha, tayala lidaluma chitsulo, galimoto idagubuduka kawiri. Munthuyo sadafe. Koma dzanja lake lamanja silidagwirenso choko. Mpaka lero ndimakumana naye m'misewu muno. Amandipatsa moni ndi dzanja lamanzere, akumwetulira, ndipo sanandinenepo mawu oipa ngakhale limodzi. Bola akadanditukwana. M'galaja muno sipuling'i sidulidwa, kaya mwini galimoto ndi mwana wa mlongo wanga."

Achimwene adavula magalasi aja.

"Ndiye ndiisiye choncho?"

"Sindinanene zimenezo. Kutsitsa galimoto si tchimo. Alipo masipuling'i opangidwira ntchito imeneyo, aafupi kuchokera kufakitale. Pitani kwa amayi a masipeya mukasankhe. Ndipo iwe Nati, ntchito iyi ndi yako. Usankhe ndiwe, uike ndiwe. Ine ndidzangofunsa."

Nati adadzuka msangamsanga. Aka kanali koyamba kupatsidwa galimoto yathunthu yekha. Adatenga tepi yoyezera, adagona pansi pa galimotoyo, nayeza kuchokera pasimenti kufika pa chitsulo chotsikitsitsa. Nambalayo adailemba padzanja ndi cholembera.

3. Mabokosi awiri

Ali m'njira, Nati adapempha kuti adzere kunyumba kwa achimwene ake. Atafika pa hampu yayikulu ya pafupi ndi geti lawo adati, "Taimani."

Adatsika ndi tepi yake n'kugwada pamsewu. Amayi ogulitsa matimati pamphepete adayamba kuseka.

"Iwe, ukundichititsa manyazi!" achimwene adafuula pawindo. "Anthu aziti ndabwera ndi wopenga woyeza misewu."

Nati adayeza kutalika kwa hampuyo. Adalemba nambala yachiwiri padzanja n'kukweranso.

Sitolo ya masipeya inali yopapatiza, mashelefu mpaka kudenga, fungo la labala ndi girizi lili ponseponse. Mwini wake anali mayi wamkulu thupi, wa magalasi olendewera pachingwe. Amakaniko onse ankamuopa chifukwa manambala a zitsulo ankawadziwa pamtima kuposa iwo.

Atamva mtundu wa galimotoyo adatsitsa mabokosi awiri n'kuwatsegula pakauntala. M'bokosi loyamba munali masipuling'i ofiira, m'lachiwiri obiriwira.

"Ofiirawa amatsitsa masentimita asanu ndi limodzi. Obiriwirawa atatu."

"Ofiira," adatero achimwene mosaganizira n'komwe. "Akufanananso ndi galimoto."

Nati adatambasula dzanja lake pakauntala.

"Achimwene, taonani. Pansi pa galimoto yanu pali masentimita khumi ndi anayi. Hampu ya pakwanu ija ndi masentimita khumi. Tikaika ofiirawa patsala asanu ndi atatu. Muzikwera bwanji? Muziinyamula pamutu? Ndipo ndayeza mulibe munthu. Nanga mukakwera inu, alamu ndi mwana? Tikaika obiriwira patsala khumi ndi limodzi. Idutsa, bola mwapang'onopang'ono."

"Ndizidutsa chammbali. Anzanga amatero."

"Anzanu aja amene mapaipi a utsi amawamangirira ndi waya?"

Amayi a masipeya adaseka mpaka magalasi adagwedezeka pachifuwa.

"Mverani mlongo wanuyu, bambo. Ine ndagulitsa masipuling'i ofiirawa kwa anyamata ambiri. Mwezi usanathe amabweranso. Wina waboola pansi pa injini, oyilo yense watayikira pamsewu. Wina matayala adyeka m'kati chifukwa akukhula chitsulo. Kwa ine ndi malonda, sindikana. Koma galimoto imayenda pamsewu, si pachithunzi ayi. Sankhani poyang'ana misewu yomwe mumadutsa tsiku ndi tsiku."

Achimwene adayang'ana masipuling'i ofiira aja nthawi yaitali, ngati mwana amene amulanda mpira. Kenaka adakankha bokosilo.

"Chabwino. Obiriwirawo. Wapambana, makaniko."

Nati adamwetulira. Koma amayi aja anali asanamalize.

"Tsopano mashoku. Masipuling'i aafupi amakhala olimba kuposa akale aja, ndiye amafuna mashoku opangidwira iwo, amphamvu, aafupi pang'ono. Mukasiya akale, amagwira ntchito atafinyika nthawi zonse ndipo amatopa msanga. Ngati ali otopa kale, ndiye musayerekeze. Vuto n'lakuti amene ndinali nawo adatha dzana. Ena afika Lolemba."

"Lolemba!" achimwene adakuwa. "Chionetsero ndi Loweruka!"

"Ine sindiyendetsa lole yobweretsa katundu, bambo. Lolemba."

Adazungulira masitolo ena atatu, koma mashoku a galimoto imeneyo sadawapeze. Atabwerera kugalaja, malume adamva nkhani yonse nagamula motere:

"Mawa Nati achotse matayala ayang'ane mashoku akalewo. Ngati onse anayi ali ouma ndipo akugwira, aike masipuling'i, upite kuchionetsero chakocho moyenda bwino, Lolemba tidzasinthe. Koma imodzi yokha ikapezeka ikuchucha mafuta, galimoto igona muno mpaka Lolemba. Msewu wa kumapiri uja ndi wamakhona okhaokha. Tamvana?"

"Tamvana," onse awiri adayankha.

4. Nsanza

Lachisanu Nati adalawirira. Adakweza galimoto ndi jeke, adaikhazika pa zitsulo zochirikiza, nayamba kuchotsa matayala. Achimwene ake adapempha tchuthi kuntchito ndipo ankangozungulira pomwepo, manja m'thumba.

Shoku yakutsogolo kumanja inali youma. Yakumanzere chimodzimodzi. Yakumbuyo kumanja inali ndi fumbi lokha. Nati adayamba kuimba kanyimbo chapansipansi.

Atachotsa tayala lomaliza, nyimbo idathera pakhosi.

Shoku yakumbuyo kumanzere inali yonyowa kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mafuta adayenderera, fumbi lidakakamirapo n'kukhala ngati phala lakuda. Nati adapaka chala. Chidatuluka chili noninoni.

Achimwene adanjuta pambali pake. Adaona chalacho, adaona shoku, kenaka adacheuka kuyang'ana kuofesi, komwe malume ankalankhula pafoni.

"Ndi matope chabe," adanong'ona.

"Si matope, achimwene. Yaphulika."

"Nanga si ndakhala ndikuyenda nayo chonchi? Ndafa?"

"Munali ndi masipuling'i ofewa. Awa ndi olimba. Siwagwira."

"Nati, tamvera. Zaka ziwiri ndikuikonza galimoto iyi. Zaka ziwiri! Alamu ako asoka ndi diresi lofiira la ulendowu. Dzulo ndakumvera pamaso pa anthu, ndasiya amene ndimafuna. Lero undimvereko nawe. Ndi masiku atatu okha. Ndiyenda ngati ndanyamula mazira, ndikulumbira. Ndani adakuphunzitsa kugwira chiwongolero? Ndani adakaumirira kwa mayi kuti akulole kubwera kugalaja kuno pomwe iwo ankati si ntchito ya mtsikana?"

Zonsezo zinali zoona.

Chitseko cha ofesi chidalira. Malume ankabwera, makiyi a chilole chokokera magalimoto ali m'manja.

Achimwene adasolola nsanza yomwe inali m'thumba la ovolosi ya Nati n'kumuika m'dzanja.

"Chonde, mlongo wanga."

Nati adaigwira nsanzayo. Adaikulunga pa shoku, adakoka kuchokera pamwamba kufika pansi, kawiri. Kenaka adatapa fumbi pasimenti n'kupakapo kuti ifanane ndi zinzake. Nsanzayo adaikankhira m'thumba.

Malume adafika naima kumbuyo kwawo.

"Andiitana, lole ya mchenga yafera kutali. Ndibwera masana. Wawaona onse anayi?"

"Eya, malume."

Malume adawerama pang'ono n'kusuzumira. Magalasi awo anali atawasiya patebulo muofesi.

"Ali bwanji?"

"Ali bwino."

"Onse?"

"Onse, malume."

"Chabwino. Maso ako ndi akuthwa kuposa anga. Sipuling'i uziifinya ndi chofinyira chake usanamasule nati yapamwamba, nkhope uziika kumbali. Ukamaliza, uwongole matayala, chifukwa galimoto ikatsika amapendekeka. Kenaka ukanikize ngodya iliyonse ndi manja n'kuisiya. Ikwere kamodzi n'kuima."

Adamusisita paphewa n'kunyamuka.

5. Pakhona ya kumatabwa

Nati adagwira ntchito osapuma. Achimwene adamugulira chakumwa chozizira, koma chidangokhala pakhoma mpaka kufunda. Dzuwa litapendeka pang'ono adatsitsa galimoto pa jeke.

Idakongoladi. Mpata uja wa pakati pa tayala ndi thupi udatsekeka bwino, galimoto idaoneka ngati yanyonyomala kuti ithamange. Achimwene adaijambula mbali zonse, akuimba mluzu.

Nati adakanikiza kutsogolo kumanja n'kusiya. Idakwera kamodzi, idaima. Kumanzere chimodzimodzi. Kumbuyo kumanja chimodzimodzi. Atakanikiza kumbuyo kumanzere, galimoto idakwera, idatsika, idakweranso, idatsikanso, kenaka n'kumagwedezeka ngati bedi lakale.

"Mwaona?" adatero.

"Masipuling'i atsopano amatero. Akuzolowera. Tiye tikaiyese."

Adatuluka pageti, achimwene ali pachiwongolero, wailesi ili pamwamba. Pamsewu wosalala galimoto inkayenda bwino kwambiri. Sinkapendama ngati kale. Pa hampu idadutsa osakhula pansi, ndipo achimwene adamumenya Nati pabondo.

"Masamu ako aja agwira! Ndiwe katswiri, mlongo."

Kuseri kwa malo ogulitsira matabwa kunali khona yokhotera kumanja, pomwe malole adakwinyitsa phula n'kukhala mizeremizere. Achimwene adalowa pakhonapo osachepetsa liwiro kwenikweni.

Kumbuyo kudamveka gu, gu, gu, gu! Tayala lakumanzere lidayamba kunjanja. Thako la galimoto lidataya msewu n'kusesereka chammbali. Nati adaona mpanda wa malata ukubwera pawindo lake. Adaonanso bambo wina wachikulire akukankha wilibala yodzaza njerwa m'mphepete mwa msewu.

Achimwene adapotokola chiwongolero. Galimoto idagwedezeka, idabwerera, idaima itapingasa. Bambo uja anali atadumphira m'ngalande. Wilibala idagwa, njerwa zili mbwee pamsewu.

Nati adatsika n'kuthamangira kungalandeko. Adathandiza bamboyo kutuluka. Chigongono chawo chinali chitasupuka.

"Pepani, bambo. Pepani kwambiri."

Bamboyo adayang'ana ovolosi yake, nayang'ana galimoto.

"Ndiwe makaniko, mwanawe?"

"Ndikuphunzira."

"Uphunzire bwino. Ine kunyumba ndili ndi adzukulu anayi ondidikira."

Adatolera njerwa onse atatu. Achimwene adapepesa nawo, koma atangokwera m'galimoto adayamba kuseka kuseka kwa munthu amene wachita mantha.

"Ndi mchenga uja wa pakhona. Aliyense akadaterereka."

"Panalibe mchenga. Ndi shoku ija. Achimwene, tibwerere tikauze malume."

"Ukauze chiyani? Kuti udawanamiza? Akuthamangitsa lero lomwe, ubwerere kunyumba ukakhale. Taganiza bwino. Ine ndaphunzirapo, ndiziyenda pang'onopang'ono. Lolemba tisintha, palibe adziwe."

Adamusiya pageti la galaja.

"Ndikukaitsukitsa," adatero, n'kuchoka.

6. Patebulo la muofesi

Nati adasesa galaja yonse. Adatsuka masipanala omwe anali otsuka kale. Adabwerera pansi pa minibasi ija, koma nati iliyonse inkamupulumuka m'manja. Ankadziuza kuti ulendo ndi wa mawa m'mawa, nthawi ikadalipo.

Chilole cha malume chidalowa cha m'ma folo koloko. Malume adatsika atatopa, malaya ali thukuta lokhalokha, nalowa muofesi. Nati adaima pakhomo kanthawi, kenaka adagogoda.

"Lowa. Yatha ntchito? Yaima bwanji?"

Nati adatulutsa nsanza ija m'thumba n'kuiika patebulo. Inali yakuda, yonona.

Malume adavala magalasi. Adainyamula, adainunkhiza, adaitikita ndi zala.

"Mafuta a shoku awa."

"Yakumbuyo kumanzere, malume. Inali ikuchucha. Ndidapukuta musanafike, n'kupakapo fumbi. Ndidakunamizani."

Adafotokoza zonse: za ngodya yogwedezeka, za khona ya kumatabwa, za bambo wa wilibala. Sadabise kanthu, ndipo sadakankhire mlandu kwa achimwene ake.

Malume adabweza nsanzayo patebulo. Atayamba kulankhula, mawu awo anali otsika.

"Nati, makaniko akhoza kulakwitsa. Ine ndalakwitsapo kambirimbiri. Ukhoza kuiwala bawuti, ukhoza kuika chitsulo chozondoka. Zimenezo timakonza, timaphunzirapo. Koma iwe sudalakwitse. Udaona bwinobwino, udadziwa, n'kubisa. Munthu akabweretsa galimoto muno sagona pansi pake kuti aone zomwe tachita. Amangofunsa kuti ili bwino? Ife tikati ili bwino, iye amakweza ana ake n'kumapita. Chomwe timagulitsa pano si masipanala ayi, ndi mawu awiri amenewo. Ukawawononga, ulibenso ntchito, ngakhale manja ako akhale aluso chotani. Ndipo usaganize kuti udamuchitira chifundo mlongo wako. Iye ankafuna chionetsero, n'zoona. Koma wodziwa za shoku pakati pa inu awiri anali ndani? Wodziwa ndiye amakana. Akwiye, asakulankhule mwezi wathunthu, bola ali moyo."

Misozi idayamba kutsika pa masaya a Nati. Sadaipukute.

"Nanenso ndili ndi mbali yanga," malume adapitiriza. "Ndidafulumira, ndidasiya magalasi, sindidagwire ndi chala changa. Koma wabwera wekha, palibe wakukoka. Chimenecho ndachiona. Za chilango chako tikamba bwino. Panopa muimbire mlongo wakoyo abweze galimoto. Igona muno."

Nati adaimba. Foni idalira mpaka kuduka. Adaimbanso kawiri, osayankhidwa.

"Akakhala m'galimoto samva, wailesi imakhala pamwamba," adatero.

"Imbira alamu ako."

Foni ya alamu idayankhidwa msanga, koma mawu anali a mayi ake a Nati.

"Ndine, Nati. Mlamu wako waiwala foni patchaja, changu chimenechi! Ndabwera kudzawasungira nyumba."

"Kuwasungira nyumba? Apita kuti, mayi?"

"Kodi sadakuuze? Ati anyamuke lero kuti akagone konko, mawa asachedwe. Anyamuka kalekale, ola likwana tsopano. Mwana amukhazika kumbuyo pakampando kake, akungoseka. Koma galimoto mwaikongoletsa, mwanangu! Bwanji, pali vuto?"

Nati adayang'ana malume. Iwo anali atamva zonse, ndipo anali ataimirira kale.

"Auze kuti tiwaimbiranso," adatero. "Tenga unyolo ndi bokosi la masipanala. Tseka geti. Fulumira."

Chilole chija sichinali chothamanga, koma tsiku limenelo malume adachiponda mpaka zitseko zinkanjenjemera. Nati ankangoimba foni ya achimwene, kuduka, kuimbanso. Atatuluka m'tauni mvula idayamba kuwaza, ndipo kumapiri kunali kutada bii.

Adakwera khona yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Atatembenuka yachinayi, malume adaponda buleki. Kutsogolo kwawo magalimoto anali ataima mndandanda, mabasi, malole, timagalimoto, mpaka kukabisika kuseri kwa thanthwe. Mbali inayo sikunkatsika galimoto ngakhale imodzi. Anthu ankatuluka m'mabasi n'kumayenda wapansi kulowera kumtunda, ena atafunda majekete kumutu.

"Ine sindingasiye chilole pano," adatero malume. "Tsika. Thamanga ukaone."

Nati adadumpha. Adathamanga m'mphepete mwa magalimoto, madzi akumulowa m'nsapato. Pa lole ina ya mafuta dalaivala anali atatulutsa mutu pawindo.

"Bambo, kwachitika chiyani kutsogoloku?"

"Ati kagalimoto kenakake kalephera khona pamwambapa."

"Kotani? Kamtundu wanji?"

"Sindinakaone, mwanawe. Ndangomva kwa obwerera."

Nati adaponya foni m'thumba n'kuyamba kuthamanga kukwera phiri.